Magazi a ku Rumphi ndi Funso la Kaodzera

Ukachoka pa boma la Rumphi n'kulowera kumadzulo, msewu umakufikitsa ku Bolero kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, ndipo ukapitirira umakatulukira ku Hewe kwa Katumbi, kufupi ndi malire a Zambia. Chakumanzere kwako kumakhala nkhalango ya Vwaza, malo osungirako nyama zakutchire okula masikweya kilomita pafupifupi 1,000. Muli njovu, njati, mbawala, njiri ndi mvuu za m'nyanja ya Kazuni. Minda ya fodya, chimanga ndi mtedza imafika m'mphepete mwenimweni mwa nkhalangoyi.

M'nkhalango imeneyi mulinso kashembe. Aliyense wokhala kuno amamudziwa, chifukwa akakuluma umadzidzimuka, ndipo mlomo wake umaboola ngakhale malaya. Ntchentche imeneyi imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda. N'chifukwa chake m'malire a Vwaza mumapezeka nsalu za mitundu iwiriyi zitaimikidwa patchire, zitanyikidwa m'mankhwala, kuti kashembe akatera afe. Koma nsalu sizingatchinge nkhalango yonse. Mayi wokatola nkhuni, mnyamata wokafula uchi, mlonda wa nyama, mlimi wopalira m'munda wa m'malire, onse amalumidwa, ena kuyambira ali kumsana kwa amayi awo.

Mwa ntchentche zimenezi, zochepa zimanyamula kachilombo koyambitsa kaodzera, komwe zimayamwa m'magazi a nyama monga mbawala. Ndiye pali funso lomwe lakhala likuzunguza madokotala kwa zaka zambiri. Anthu awiri abadwira mudzi umodzi, amalima malo oyandikana, amatunga madzi pachitsime chimodzi, onse amalumidwa chaka ndi chaka. Mmodzi amadwala mpaka kufika pakhomo la imfa, winayo amakalamba osagwidwapo n'kamodzi komwe. Mwayi ulipo ndithu, poti si kashembe aliyense ali ndi kachilombo. Koma kodi ndi mwayi wokha? Mbali ina ya yankho inapezeka m'magazi a anthu a ku Rumphi, ndipo amene anaifukula ndi gulu la akatswiri a ku Malawi lotsogoleredwa ndi Pulofesa John Chisi wa ku College of Medicine ku Blantyre, mothandizana ndi anzawo a ku Uganda, Scotland, England ndi France.

Matenda akale, mankhwala oopsa

Kaodzera wa anthu ali mitundu iwiri. Wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, wotchedwa gambiense, amadya munthu pang'onopang'ono kwa zaka. Wathu kuno ndi rhodesiense, ndipo ndi waliuma: akapanda kuchizidwa amapha m'milungu kapena miyezi yochepa. Dzinali linaperekedwa mu 1910 ndi akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, atapeza kachilomboka mwa Mzungu yemwe anakatengera m'chigwa cha Luangwa, kutsidya kwa malire omwewa a Rumphi. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke anatsimikiza komweko ku Luangwa kuti kashembe wa m'tchire la miombo ndiye amakafalitsa. Zaka zomwezo David Bruce anali ku Nyasaland ndi gulu lake, kufufuza ubale wa matendawa ndi nyama zakutchire.

Kuipa kwa kaodzera n'koti poyamba amadzibisa. Thupi limatentha, mutu umawawa, m'malo olumikizana mafupa mumaphwanya. Aliyense amati ndi malungo. Wodwala amamwa LA, osasintha, n'kumwanso. Kachilombo kakalowa mu ubongo zinthu zimatembenuka: munthu amagona masana n'kukhala maso usiku, amalankhula zosamveka, wofatsa uja amasanduka waukali, ena amayenda dzandidzandi. Apa abale ambiri amaganiza za ufiti kapena vimbuza, ndipo masiku amtengo wapatali amathera kwa sing'anga. Sindikuwaweruza. Munthu amene wayezetsa malungo kangapo n'kumwa mankhwala onse osachira ali ndi chifukwa chokayang'anira kwina.

Akafika kuchipatala cha boma ku Rumphi, amamutenga magazi n'kuika kadontho pagalasi. Pa maikulosikopu kachilomboka kamaoneka bwino: kakatali, kopyapyala, kakuvinyavinya pakati pa maselo ofiira n'kumawakankha uku ndi uku. Kwa zaka zambiri, chotsatira chinali kutenga madzi a mumsana kuti adziwe ngati kafika ku ubongo. Wodwala amagona chammbali, maondo atapindira pachifuwa, namwino atamugwira mapewa, ndipo singano yaitali imalowa pakati pa mafupa a msana. Ngati madziwo ali bwino, ankapatsidwa suramin, mankhwala omwe anayamba kugwira ntchito cha m'ma 1920. Ngati kachilombo kalowa mu ubongo, panalibe njira ina koma melarsoprol, mankhwala a mu 1949 okhala ndi poizoni wa arsenic. Amawotcha mumtsempha polowa, ndipo mwa odwala 100 olandira mankhwalawa, pafupifupi 5 ankafa ndi mankhwalawo, osati matenda.

Chida chomwe tinabadwa nacho

Kuti timvetse zomwe anapeza ku Rumphi, tiyambe ndi chodabwitsa china. Tizilombo ta mtundu umenewu tilipo tambiri m'tchire, ndipo timapha ng'ombe zosawerengeka ndi matenda a nagana. Komabe tambiri mwa ito sitingakhale m'thupi la munthu. Mu 1902 katswiri wa ku France, Alphonse Laveran, anaona kuti madzi a m'magazi a munthu amapha tizilombo ta nagana. Chomwe chimatipha sichinadziwike mpaka 2003, pamene gulu la Etienne Pays ku Brussels linapeza kuti ndi puloteni yotchedwa APOL1. Kachilombo kakaimeza, puloteniyi imaboola timabowo m'kati mwake, ndipo kamatupa n'kuphulika. Ng'ombe ilibe puloteni imeneyi. Munthu, gorila ndi nyani ali nayo. Mu 2004 mlimi wina ku India anadwala ndi kachilombo komwe nthawi zonse kamagwira nyama zokha, monga ngamila ndi ng'ombe, ndipo atamuyeza anapeza kuti thupi lake silipanga APOL1 m'pang'ono pomwe.

Nanga rhodesiense amapulumuka bwanji? Ali ndi puloteni yakeyake yotchedwa SRA, yomwe imagwira APOL1 cha kunsonga kwake n'kuilepheretsa kugwira ntchito. Kusiyana kwa kachilombo kopha ng'ombe ndi kopha munthu ku Vwaza kwagona pa puloteni imodzi yokhayi.

Malangizo opangira APOL1 amakhala m'majini athu, timagawo ta DNA tomwe timalandira kwa makolo, kamodzi kuchokera kwa mayi, kena kwa bambo. Jini ya APOL1 ili pa kolomozomu ya nambala 22. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston linkafufuza nkhani ina yosiyaniranatu: chifukwa chomwe anthu akuda a ku America amadwalira impso kwambiri kuposa azungu. Anapeza kuti ambiri mwa odwalawo anali ndi mitundu iwiri yosinthika ya jini imeneyi, yomwe anaitcha G1 ndi G2, ndipo mitunduyi imapezeka mwa anthu ochokera ku Africa okha. Funso linabwera lokha: ngati kusinthaku kumawononga impso, kunafalikira bwanji chotere m'malo mozimirira? Atayesa mu labotale anapeza kuti madzi a m'magazi a munthu wa G2 amapha rhodesiense. Mwa G2 mukusowa timagawo tiwiri ta puloteni pamalo enieni pomwe SRA imagwira. Kachilomboka kamakhala ngati munthu wozolowera kugwira mbuzi panyanga amene wakumana ndi mbuzi yopanda nyanga.

Zimenezi zinali za mu labotale, m'timabotolo. Panafunika kudziwa ngati zimachitikadi mwa anthu amoyo okhala pakati pa kashembe. Umboni wotere sungapezeke ku Boston.

Gulu la TrypanoGEN

Pulofesa Chisi anali atakhala kale pa nkhani ya kaodzera kwa zaka zambiri. Mu 2004, pamodzi ndi Lorna MacLean ndi Jeremy Sternberg a ku yunivesite ya Aberdeen komanso anzawo a ku Uganda, anayerekeza odwala a ku Nkhotakota ndi a kummawa kwa Uganda. Kachilombo ndi ka dzina limodzi, koma a ku Uganda ankafulumira kufika poipa, pomwe a ku Nkhotakota matenda ankawayenda pang'onopang'ono, ambiri osafika msanga ku ubongo, ngakhale kuti magazi ankawathera kwambiri. Chitetezo cha m'thupi mwa magulu awiriwa chinkayankhanso mosiyana. Kodi kusiyanaku kunali kwa kachilombo, kapena kwa anthu? Funso limeneli ndi lomwe linam'kokera ku kafukufuku wa majini a anthu.

Mpata unapezeka pamene bungwe la Wellcome Trust la ku Britain ndi National Institutes of Health la ku America anakhazikitsa ndondomeko ya H3Africa, yomwe ndalama zake zoyamba zinatuluka mu 2012. Cholinga chinali choti kafukufuku wa majini a Aafirika azitsogoleredwa ndi Aafirika eni ake, ali kwawo. Chifukwa chake chinali chomveka. Ngakhale kuti mtundu wa anthu unayambira ku Africa, ndipo majini a Aafirika ndi osiyanasiyana kuposa a anthu a kwina kulikonse, mwa anthu 100 alionse omwe analowa m'kafukufuku wamkulu wa majini ndi matenda padziko lapansi, ochokera ku Africa anali pafupifupi 2 okha.

Pansi pa H3Africa panabadwa TrypanoGEN, motsogoleredwa ndi Pulofesa Enock Matovu wa ku yunivesite ya Makerere ku Kampala. Munali akatswiri a ku Uganda, Malawi, Democratic Republic of Congo, Cameroon, Côte d'Ivoire, Guinea ndi Burkina Faso. Mbali ya Malawi ankaitsogolera a Chisi. Kuchokera kunja kunali Annette MacLeod wa ku Glasgow, Harry Noyes wa ku Liverpool ndi Bruno Bucheton wa bungwe la IRD la ku France. Anasonkhanitsa magazi a anthu oposa 3,000 ndipo anawasunga m'mafiriji a mu Africa momwemo, kuphatikizapo ku Makerere.

Kugwirizana kotere sikunali kokongoletsa lipoti. Kaodzera ndi matenda a anthu ochepa. Padziko lonse, odwala olembedwa m'kaundula anatsika kuchoka pa pafupifupi 40,000 mu 1998 kufika pochepera 1,000 mu 2018. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa anthu, koma kwa wofufuza majini ndi vuto, chifukwa kuti utsimikize kuti jini ina imateteza umafunika odwala ambiri oti uyerekeze ndi osadwala. Palibe dziko lomwe likanakwanitsa palokha. Malawi anali ndi odwala, zipatala zowadziwa bwino, ndi anthu okhulupirika m'midzi. Makina owerengera majini ndi ukatswiri wosanthula manambala ake zinali kwina. Aliyense anabweretsa chomwe mnzake analibe.

Kupempha magazi m'mudzi

Mbali ya ntchito imene malipoti a sayansi amaidutsa m'mizere iwiri ndi imene ili yovuta koposa. Kutenga magazi a munthu amene sakudwala si nkhani yamasewera m'dziko lino. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena analeka kupita kumidzi poopa moyo wawo. Mantha amenewa ali ndi mizu yake. Kwa nthawi yaitali alendo akhala akubwera ndi galimoto, kutenga zomwe akufuna, n'kupita osabweranso kudzanena zomwe apeza.

Choncho kafukufuku wotere amayamba ndi chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, kenako akuluakulu a zaumoyo a m'boma, kenako mafumu. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe amadziwa khomo lililonse, ndiwo amatsogolera njira. Munthu aliyense amafotokozeredwa m'chilankhulo chake, kuno kwambiri Chitumbuka, kuti magazi ndi ochuluka bwanji, apita kuti, akachita nawo chiyani, ndipo kuti akhoza kukana osataya chithandizo chilichonse. Wovomera amasaina kapena kudinda chala. Dzina lake limachotsedwa pakabotolo n'kuikapo nambala. Pamenepa pali chinthu chovuta kuchinena koma choyenera kunenedwa poyera: wopereka magaziyo sapindulapo kanthu mwachindunji. Wodwala uja anachira kale, wosadwalayo sakufuna mankhwala. Amapereka chifukwa cha ana ndi adzukulu, komanso chifukwa chokhulupirira munthu amene wam'pempha. Ine ndimawawerengera anthu amenewa m'gulu la eni kafukufuku, ngakhale kuti malamulo oteteza chinsinsi chawo salola kuti mayina awo alembedwe.

Zomwe magaziwo ananena

Zotsatira zinasindikizidwa mu 2019 m'magazini ya sayansi ya PLOS Neglected Tropical Diseases. Dzina loyamba pa olemba linali la a Kelita Kamoto, lomaliza la a Chisi, ndipo pakati panali Amalawi ena monga a Peter Nambala, a Janelisa Musaya, a Edward Senga ndi a Benjamin Kumwenda, pamodzi ndi anzawo akunja aja. Anayeza anthu 202: okwana 70 omwe anadwalapo kaodzera, ndi 132 omwe sanadwalepo. Onse anali obadwira m'dera limodzi ndipo anakulira pakati pa kashembe yemweyo. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa kuyerekeza mlimi wa ku Hewe ndi kalaliki wa ku Mzuzu sikungatiuze kanthu za majini, kungangotiuza kuti kalalikiyo salumidwa.

Anayang'ana malo 96 m'majini 17 okhudza chitetezo cha m'thupi. Mwa onsewa, amodzi okha ndiwo anaonekera mosakayikitsa: G2 ya APOL1. Mwa osadwala aja inkapezeka kawirikawiri, mwa odwala inali yosowa. Powerengera, mpata woti munthu wa G2 apezeke m'gulu la odwala unali wochepa pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi amene alibe. Jini ina yotchedwa IL6 inaonetsa kachizindikiro kochepa, koma atakhwimitsa masamu kanazimirira, ndipo olembawo ananena zimenezi poyera. Majini 15 otsalawo sanaonetse kanthu.

Anthu 202 ndi ochepa, ndipo pawokha sakanathetsa mkangano. Kulemera kwa zotsatirazi kunabwera chifukwa cha zomwe zinali zitachitika kale. Mu 2017 Anneli Cooper ndi Annette MacLeod anali atapeza kuti G2 imachepetsa chiopsezo pafupifupi ka 5 mwa anthu a ku Soroti ndi Kaberamaido ku Uganda. Chaka chotsatira, kafukufuku wina wa TrypanoGEN yemweyo m'madera ena a Uganda sanapeze chitetezo chimenecho. Umboni unali umodzi uku, umodzi uko. Rumphi, dera lakutali kwambiri ndi Uganda, la anthu a mtundu wina ndi tizilombo ta fuko lina, inapendeketsa sikelo. Lero aliyense wolemba za APOL1, kaya ndi dokotala wa impso ku Atlanta kapena wofufuza mbiri ya anthu ku Johannesburg, akafuna umboni woti G2 imatetezadi anthu amoyo ku rhodesiense, amatchula Uganda ndi kumpoto kwa Malawi.

Tisamve molakwa. G2 imachepetsa chiopsezo, siichotsa. Palibe amene ayenera kulowa m'Vwaza mosasamala poganiza kuti magazi a kwawo ndi olimba, ndipo kwa kaodzera wa gambiense zinthu n'zosiyana: kafukufuku wa ku Guinea anasonyeza kuti G1 ndiyo imathandiza, pomwe a G2 matenda amawafulumirira.

Mtengo wa chitetezo

Nkhani yofanana ndi imeneyi tinaidziwa kale pa matenda a sikoselo. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kummawa kwa Africa kuti mwana wolandira jini ya sikoselo kwa kholo limodzi amatetezedwa ku malungo oopsa, pomwe wolandira kwa makolo onse awiri amadwala sikoselo. APOL1 imayenda njira yomweyo. Wolandira G1 kapena G2 kumbali zonse ziwiri amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a impso, ngakhale kuti ambiri mwa anthu otere sadwala. Nthawi zambiri pamafunika chinthu china chodzutsa vutolo, ndipo choopsa kwambiri mwa zinthu zimenezi ndi HIV yosalandira mankhwala. Mwa anthu akuda a ku America, pafupifupi 13 pa 100 alionse ali ndi majini awiriwa, cholowa cha makolo awo omwe anatengedwa ukapolo. Mu 2024 gulu lina la H3Africa, litayeza anthu oposa 8,000 ku Ghana ndi Nigeria, linapeza kuti ngakhale jini imodzi yokha imakweza chiopsezo cha impso pang'ono.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yakutali. Kwa zaka zambiri makina otsuka magazi a odwala impso m'zipatala za boma ankapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kokha. Munthu wa ku Katowo m'boma la Rumphi impso zikaleka kugwira ntchito, ulendo wake unali wa makilomita mazanamazana, ndipo sunali ulendo wa tsiku limodzi koma wa moyo wonse. Chomwe chingamuthandize ndi chotchipa kwambiri kuposa makinawo: kuyeza mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi nthawi isanathe, ndi kumwa ma ARV mokhulupirika kwa amene ali ndi HIV. Ku America kampani ya Vertex ikuyesa mankhwala otchedwa inaxaplin, otseka timabowo tomwe APOL1 imaboola m'maselo a impso. Akadzavomerezedwa, padzafunika kufunsa mosanyengerera kuti adzafika liti, ndipo pa mtengo wanji, kwa anthu omwe magazi awo anathandiza kumvetsa jini imeneyi.

Rumphi si Nkhotakota

Kafukufuku wabwino amabala ofufuza ena, ndipo pamenepa ndi pomwe ntchito ya a Chisi ndi a Matovu ikuoneka kwambiri. A Peter Nambala, omwe anali m'gulu la 2019 lija, anapitiriza maphunziro a udokotala wa sayansi ku Makerere pansi pa gawo lachiwiri la TrypanoGEN, akugwirabe ntchito ndi a Musaya ku Blantyre, komwe College of Medicine inasanduka mbali ya Kamuzu University of Health Sciences mu 2021. Nthawi yomweyo matenda anabuka mwamphamvu. Mu 2018 Malawi analemba odwala 15. Mu 2019 anafika 91, mu 2020 anali 89, pamene dziko lonse lapansi chaka chimenecho linalemba odwala rhodesiense 98. Kunena kwina, pafupifupi kaodzera yense wa mtundu umenewu anali kwathu kuno, makamaka mozungulira Vwaza ndi nkhalango ya Nkhotakota.

Atafukula makaundula a zipatala ndi kuyeza magazi a odwala atsopano, a Nambala ndi anzawo anapeza kuti mawu omwe mabuku ankabwereza, oti kaodzera wa ku Malawi ndi wofatsa, anali oona theka lokha. Ndi wofatsa ku Nkhotakota, komwe ena amayenda ndi kachilombo kwa nthawi yaitali osamva kupweteka kwenikweni. Ku Rumphi ndi waukali, ndipo ambiri amafika kuchipatala kachilombo katalowa kale mu ubongo. Atawerenga majini a tizilombo tomwe anapeza kuti ta ku Rumphi ndi ta ku Nkhotakota ndi mafuko awiri osiyana, ngakhale tili m'dziko limodzi. Funso la 2004 lija layankhidwa mbali zonse ziwiri: kusiyana kulipo mwa anthu, kuliponso mwa tizilombo. Kwa dokotala tanthauzo lake ndi lachindunji. Ku Rumphi mpikisano ndi wa masiku, ndipo wodwala malungo osamva mankhwala wochokera m'malire a Vwaza ayenera kuyezedwa kaodzera tsiku lomwelo. Ku Nkhotakota vuto ndi kupeza odwala omwe sakudziwa kuti akudwala.

Magazi osonkhanitsidwa ndi TrypanoGEN anagwiranso ntchito ina yoposa kaodzera. Mu 2020 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa H3Africa wowerenga DNA yonse ya anthu 426 a mitundu 50 ya mu Africa, ndipo anapeza kusiyana kwa majini koposa 3 miliyoni komwe sayansi inali isanalembepo. Ena mwa magaziwo anachokera m'mafiriji a gulu limeneli.

Mapiritsi m'malo mwa arsenic

Wina akhoza kufunsa, moyenera ndithu, kuti mayi wa ku Mwazisi m'boma la Rumphi wapindulanji ndi G2. Yankho loona ndi loti mwachindunji sanapindule kanthu mpaka pano. Palibe katemera kapena mankhwala a kaodzera omwe atuluka m'zotsatira za 2019. Amene angalonjeze anthu kuti kafukufuku wa majini awachiritsa mawa akuwanamiza, ndipo bodza lotere ndi lomwe limadzatsekera khomo ofufuza obwera pambuyo.

Phindu linadzera njira ina, ya anthu ndi maubale. Pamene bungwe la DNDi linkafuna malo oyesera mapiritsi a fexinidazole pa rhodesiense, linasankha zipatala ziwiri: Lwala ku Uganda ndi chipatala cha boma cha Rumphi. Mmodzi mwa otsogolera anali Enock Matovu yemwe uja, ndipo ku Rumphi ntchito inali m'manja mwa Dr Westain Nyirenda, mothandizana ndi a Marshal Lemerani a ku Unduna wa Zaumoyo. Kuyesaku kunayamba mu 2019, nthawi yeniyeni yomwe matenda anabuka, ndipo kunapitirira mkati mwa Covid-19. Odwala 45 analowa nawo, ochuluka kwambiri a ku Rumphi. Pafupifupi onse anachira, kuphatikizapo omwe kachilombo kanali katalowa mu ubongo, ndipo palibe yemwe anaphedwa ndi mankhwalawo. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza, ndipo mu 2024 World Health Organization inaika fexinidazole patsogolo pochiza rhodesiense kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo olemera makilogalamu 20 kapena kuposa.

Kusintha kwake kumaoneka pambali pa bedi. Wamkulu amamwa mapiritsi atatu patsiku kwa masiku 4, kenako awiri patsiku kwa masiku 6, nthawi zonse atadya chakudya chokwanira, chifukwa pamimba yopanda kanthu mankhwalawa salowa bwino m'magazi. Mlezi amabwera ndi nsima kapena phala, namwino amaima pomwepo mpaka mapiritsi atamezedwa. Nseru ndi kusanza zimavutitsa ena. Koma palibenso singano ya arsenic kwa odwala ambiri, ndipo kwa ambiri singano ya mumsana ija siifunikanso. Ana aang'ono kwambiri ndi odwala omwe afika posatha kumeza amadalirabe mankhwala akale.

Chomwe chikusowabe ndi njira yoyezera msanga. Malungo timayeza ndi kadontho ka magazi pakachipangizo ka pulasitiki m'mphindi zochepa, ngakhale pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Gambiense nayenso ali ndi kachipangizo kotere. Rhodesiense alibe. Kumupeza kumafuna maikulosikopu, magetsi kapena kuwala kokwanira, ndi munthu wophunzira amene wakumbukira kumuyang'ana. Ndipo popeza kachilomboka kamakhala mwa nyama za m'nkhalango, sikangatheretu ngati mmene inathera nthomba. Cholinga cha World Health Organization pofika 2030 n'choti matendawa achepe mpaka asakhalenso vuto lalikulu la zaumoyo. Rwanda inafika pamenepo mu 2022, Kenya mu 2025. Malawi sanafike. Ntchito yowerenga majini a odwala a ku Rumphi ndi Nkhotakota ikuyang'ananso mbali imeneyi: a Nambala ndi anzawo anasonyeza mu 2023 kuti majini ena m'magazi a wodwala amadzuka mosiyana matenda akadali poyambira ndi pamene afika ku ubongo, ndipo zizindikiro zoterezi ndi zomwe zingadzakhale maziko a kachipangizo koyezera ku Bolero, Katowo ndi Mwazisi.